Khadi Lomaliza Likakugwetsa: Ulemu Ndi Gawo la Luso pa Mpikisano wa Poker

Mu July 2010, m'hotela ya Rio mumzinda wa Las Vegas ku America, mudatsala anthu 15 mwa 7,319 amene adalipira madola 10,000 aliyense kuti alowe mpikisano waukulu wa World Series of Poker, womwe umatchedwa Main Event. Mmodzi mwa otsalawo adali mnyamata wa ku America, Matt Affleck, ndipo adagawiridwa ma ace awiri, makhadi amene palibe owaposa poyambira masewero a Texas Hold'em. Jonathan Duhamel wa ku Canada adali ndi ma jack awiri. Patebulo patagwa makhadi anayi, 10, 9, 7 ndi queen, Affleck adakankhira pakati machipi ake onse, timakobiri tija timene amabetchera. Duhamel adasinkhasinkha kwa mphindi zingapo, kenako adavomera. Onse atatembenuza makhadi awo zidaoneka kuti mwa makhadi 44 osaoneka, 10 okha ndiwo akadamupulumutsa Duhamel. Wogawa makhadi adatembenuza lomaliza, ndipo lidali 8. Makhadi a Duhamel adalumikizana kukhala asanu otsatizana, ndipo Affleck, yemwe akadatsogola onse akadapambana gemu imeneyo, adatuluka pa nambala 15. Oonera kanema wa ESPN adamuona atabisa nkhope m'chipewa, misozi ili chuchuchu. Adatuluka m'chipindamo, koma patapita kanthawi adabwerera kudzagwirana chanza ndi anzake a patebulo. Mu November chaka chomwecho Duhamel adapambana mpikisanowo n'kutenga madola 8.9 miliyoni. Affleck adapita kwawo ndi pafupifupi theka la miliyoni.

Osewera poker amati zoterezi ndi bad beat: munthu waika machipi ake ali patsogolo kwambiri, mnzake ali kumbuyo, koma khadi losayembekezeka latembenuza zonse. Aliyense amene wakhalitsa patebulo ali nayo nkhani yotere, ndipo ambiri amaikamba ngati mlandu, ngati kuti pali wina adawalakwira. Mfundo yanga ndi yakuti palibe amene adalakwira Affleck tsiku limenelo, ndipo kubwerera kwake kudzapereka chanza kudaonetsa kuti iye ankadziwa zimenezi. Pa masewero amene khadi lomaliza silimvera munthu aliyense, wosewera ali ndi zinthu ziwiri zokha m'manja mwake: chiganizo chimene wapanga asanaone khadilo, ndi khalidwe limene waonetsa ataliona. Choyambacho onse amavomereza kuti ndi luso. Chachiwiricho ambiri amachiyesa chokometsera chabe, choti katswiri akhoza kukhala nacho kapena ayi. Ine ndikuti zonse ziwiri zimaphuka pa muzu umodzi, womwe ndi kumvetsa masewerowa. Munthu wotukwana mnzake chifukwa cha khadi akudziulula yekha kuti pali gawo la poker limene sanalimvetse, kaya wapambana mipikisano ingati.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi chimene chimasiyanitsa masewerowa ndi ena. Pa bawo nkhomo zonse zili poyera m'maenje, ndipo wogonja akhoza kubwerera m'mbuyo m'maganizo mwake n'kupeza pamene adawerenga molakwa. Pa Texas Hold'em si choncho. Aliyense amalandira makhadi awiri obisika, kenako patebulo pamagwa makhadi asanu amene onse amagwiritsa ntchito: atatu nthawi imodzi, lachinayi, n'kumalizira lachisanu limene amalitcha river. Kubetcha kumachitika pakati pa magawo amenewa, choncho munthu amaika machipi ake asanadziwe mathero. Ma ace awiri akakumana ndi ma king awiri makhadi a patebulo asanagwe, ma ace amapambana pafupifupi maulendo 82 pa 100 aliwonse. Nambalayi imamveka yolimbitsa mtima, koma ikunenanso kuti maulendo 18 mwini ma ace amagonja popanda kulakwitsa kanthu. Maulendo 18 amenewo si ngozi yogwera masewerowa kuchokera kunja. Ali m'kati mwa malamulo amene aliyense adawavomereza pamene ankakhala pampando.

Pa mpikisano nkhaniyi imakula. Pa masewero wamba a m'kasino wogonja akhoza kugula machipi ena n'kupitiriza, koma pa Main Event machipi akatha munthu amanyamuka, n'kukadikira chaka chamawa. Ndipo poti kubetcha kokakamiza kumene amati blinds kumakwera nthawi ndi nthawi, palibe amene angangokhala phee kudikira makhadi osagonjetseka. Tiyerekeze kuti katswiri waika machipi ake onse katatu, ndipo ulendo uliwonse mwayi wake wopambana ndi 80 pa 100. Mwayi woti apulumuke maulendo onse atatu ndi 51 pa 100 basi. Akatero kasanu, mwayiwo umatsika kufika pa 33, ndipo akatero ka 10 umatsala pafupifupi 11. Mpikisano wa mu 2024 udali ndi osewera 10,112, ndipo kuti apezeke wopambana pamadutsa pafupifupi milungu iwiri. Pa njira yaitali chotere, kugwetsedwa uli patsogolo ndi momwe akatswiri ambiri amatulukira. Apa pali chinthu chimene okwiya ambiri amachiphonya: wosewera bwino ndiye amakumana ndi bad beat kawirikawiri, chifukwa kuti munthu agwetsedwe ali patsogolo ayenera kuyamba wakhala patsogolo. Wosewera mwachisawawa sazilandira kwambiri, iye ndiye amazipereka. Ndiye kuti bad beat, ngakhale imawawa, ndi umboni woti munthu adasankha bwino.

Mbiri ya mpikisanowu, womwe Benny Binion adauyambitsa mu 1970 pa kasino wake wa Horseshoe, imaonetsanso mbali ina: akatswiri amene timawatama adafika pamwamba podutsa pa misozi ya anzawo. Mu 1976 Doyle Brunson adaika zonse ali ndi 10 ndi 2, pamene Jesse Alto adali ndi ace ndi jack, ndipo patebulo padali kale ace, jack ndi 10. Alto adali patsogolo kutalitali, koma padagwa 2 kenako 10, Brunson n'kukhala katswiri wa dziko lonse. Mu 1979 Hal Fowler, amene sadali wosewera wodalira poker pa moyo wake, adagonjetsa ma ace awiri a Bobby Hoff ndi 7 ndi 6. Mu 2003, atatsala anthu 10, Phil Ivey adali ndi ma 9 awiri ndipo khadi lachinayi lidamupatsa full house, kutanthauza makhadi atatu ofanana kuphatikiza awiri ofanana, pamene Chris Moneymaker adali ndi ace ndi queen. Makhadi 7 okha ndiwo akadamuthandiza Moneymaker, ndipo pa river padagwa ace. Mu 2023 Daniel Weinman adapulumuka ndi ma jack awiri pakati pa ma queen awiri ndi ma king awiri a anzake, n'kupitirira mpaka kukatenga madola 12.1 miliyoni. Palibe katswiri amene angaime n'kunena kuti mwayi sudamunyamulepo. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo patebulo la poker mawalo limatha kufika pa gemu yotsatira.

Chimene chidachitika pambuyo pa ace wa Moneymaker chimatiphunzitsa zambiri kuposa gemu yeniyeniyo. Iye adali wowerengera ndalama wa ku Tennessee, ndipo adapeza mpando wake popambana kampikisano ka pa intaneti ka madola osafika 100. Atatenga madola 2.5 miliyoni pamaso pa oonera kanema, anthu wamba ambirimbiri adati nafenso tingathe. Mu 2003 osewera adali 839, mu 2004 adafika 2,576, mu 2005 adakwana 5,619, ndipo mu 2006 adali 8,773. Mphoto zikuluzikulu zimene akatswiri akulimbirana lero zidachokera m'matumba a anthu amenewa. Akatswiri a zachuma Steven Levitt ndi Thomas Miles ataunika zotsatira za World Series of Poker ya 2010 adapeza kuti osewera amene ankadziwika kale kuti ndi aluso adapindula ndi ndalama zoposa 30 pa 100 pa zimene adalowetsa, pamene ena onse adataya pafupifupi 15 pa 100. Luso lilipodi, ndipo pakapita nthawi limapambana. Nanga n'chifukwa chiyani wofooka amabwerabe? Amabwera chifukwa tsiku lina khadi limamukomera. Mutachotsa bad beat, wofooka angagonje nthawi zonse, angasiye kubwera, ndipo akatswiri angatsale okhaokha kumadyana. Katswiri amene amanyoza munthu wamba chifukwa chomugwetsa ndi makhadi ofooka akuthamangitsa munthu amene amamudyetsa.

Khalidwe limene ndikunena si loti munthu asamve kuwawa. Mu 2014, pa mpikisano wa Big One for One Drop umene kulowa kwake kudali madola 1 miliyoni, Connor Drinan ndi Cary Katz adaika zonse aliyense ali ndi ma ace awiri. Zikatere, pafupifupi maulendo 96 pa 100 awiriwo amangogawana machipi. Koma patebulo padagwa makhadi anayi a mtundu wa mtima, Katz adali ndi ace wa mtima amene adakwaniritsa makhadi asanu a mtundu umodzi, ndipo Drinan adatuluka. Adanyamuka ali kakasi, koma sadatukwane munthu. Mu 2017, tsiku loyamba la Main Event lisanapite patali, Vanessa Selbst, mmodzi mwa amayi opambana kwambiri m'mbiri ya masewerowa, adali ndi ma ace awiri ndipo wachitatu adagwa patebulo, koma Gaelle Baumann wa ku France adapeza ma 7 onse anayi. Selbst adatuluka modekha, osaloza munthu chala. Onsewa adamva kuwawa, ndipo nkhope zawo sizidabise. Chimene sadachite ndi kutenga ululu wawo n'kuusenzetsa munthu wina. Malire ali pamenepo: chisoni ndi chako, ndipo uli ndi ufulu wochimva mpaka pansi pa mtima, koma mnzako amene wangotsata malamulo alibe ngongole yoti akulipire ndi ulemu wake.

Amene wakhala akudumpha malire amenewa poyera kwa zaka zambiri ndi Phil Hellmuth. Luso lake palibe angalikane: adapambana Main Event mu 1989 ali ndi zaka 24 pogonjetsa Johnny Chan, ndipo ali ndi zibangiri 17 zimene amapatsidwa opambana mipikisano ya World Series of Poker, kuposa wina aliyense. Koma amadziwikanso ndi kulalatira anthu akamugonjetsa. Mu 2008 adanyoza Cristian Dragomir wa ku Romania pamaso pa makamera, kumutchula kuti chitsiru, chifukwa chomuposa ndi 10 ndi 4 pamene iye adali ndi ace ndi king. Oyang'anira adamupatsa chilango choti akhale kunja kwa kanthawi, koma kutacha chilangocho chidasinthidwa kukhala chenjezo. Mu 2018 adayamba kutukwana pamene wosewera wina adali asanapange chiganizo, zimene zidaulula kuti iye sapitiriza gemuyo, ndipo wosewera wachitatu, James Campbell, adatuluka mumpikisano pa gemu yomweyo. Hellmuth adapepesa n'kulonjeza kumulipirira ndalama yolowera chaka chotsatira. Kupepesako n'koyamikika, koma nkhaniyi ikuonetsa kuti mkwiyo wa patebulo sumathera m'makutu mokha. Umasintha chiganizo cha wina, ndipo umatha kudula ulendo wa munthu wachitatu amene sadalakwe kanthu.

Wina anganene kuti n'zosavuta kulalikira kudekha uli patali, pamene munthu amene wataya mwayi wa mamiliyoni pa khadi limodzi, atakhala pampando maola 10 kapena kuposera tsiku lililonse kwa masiku ambiri, ali ndi chifukwa chokwanira chophulikira. Zoona zilimo m'mawu amenewa, ndipo n'chifukwa chake palibe woganiza bwino amene amadzudzula munthu wolira, wogwira kumutu kapena wotuluka osalankhula. Koma kukula kwa ndalama sikusintha funso loti walakwa ndani. Ngati mnzako wabetcha mosaganiza bwino ndipo khadi lamukomera, wachita chimene iwe unkafuna kuti achite, chifukwa maulendo ambiri kubetcha koteroko kumakupatsa iwe machipi ake. Sungakondwere ndi kulakwitsa kwake maulendo anayi n'kumutukwanira kulakwitsa komweko ulendo wachisanu. Ndipo ngati wabetcha bwino, palibe n'komwe chomudzudzulira. Tionenso kuti Ivey, amene ambiri amamuika pakati pa akatswiri oposa onse, adangonyamuka mwakachetechete atagwetsedwa ndi ace uja mu 2003. Kutopa kudali komweko, ndalama zidali zomwezo. Kuphulika si lamulo la chilengedwe, ndi chizolowezi chimene ena amadzilola kukhala nacho.

Chotsutsa chachiwiri n'champhamvu kuposa choyamba. Amati poker idakula chifukwa cha kanema, ndipo kanema amafuna anthu otentha mutu. Kuyambira pamene pulogalamu ya Late Night Poker ku Britain idayamba kuonetsa makhadi obisika a osewera mu 1999, oonera akhala akukonda kuona munthu akupsa mtima, ndipo mkwiyo wa Hellmuth wakopa anthu ambiri kuposa kudekha kwa akatswiri ena. Sindikana kuti masewero a anthu osalankhula, obisala m'magalasi akuda, amagwetsa ulesi. Koma pali kusiyana pakati pa munthu wansangala ndi munthu wachipongwe. Daniel Negreanu wakhala wotchuka kwa zaka zoposa 20 chifukwa chocheza ndi kuseka ndi anzake patebulo. Komanso chimene kanema waonetsa, anthu amakachita. Wophunzira amene waona katswiri akutukwana osalangidwa amakachita zomwezo pa kampikisano kakang'ono, kumene kulibe kamera, kwa munthu amene wabwera koyamba. Mu 2008 Scotty Nguyen, katswiri wa Main Event ya 1998, adapambana mpikisano wolemekezeka wa H.O.R.S.E., umene kulowa kwake kudali madola 50,000, akumwa mowa ndi kutukwana patebulo lomaliza. Oonera adaipidwa kwambiri moti iye adapepesa poyera. Anthu amaonera ngakhale zinthu zowanyansa, choncho kuchuluka kwa oonera si umboni woti khalidwelo likumanga masewerowa.

Chotsutsa chachitatu chimati poker ndi masewero onamizana, ndipo kusokoneza mnzako maganizo ndi chida chovomerezeka ngati kubetcha ulibe kanthu. Apa tiyenera kusiyanitsa mosamala. Kunamiza ndi machipi, kudzionetsa ngati wamphamvu uli wofooka, ngakhale kulankhula pofuna kumva mmene mnzako ayankhire, zonsezi zimalunjika pa makhadi, ndipo aliyense adazivomereza polowa. Kunyoza kumalunjika pa munthu. Mu 2016 William Kassouf wa ku England adafika patali pa Main Event akulankhula kosalekeza ndi kuchedwetsa masewero, mpaka mkulu woyang'anira, Jack Effel, adamulanga pambuyo pa gemu yake ndi Stacy Matuson. Pamene ankatuluka pa nambala 17, ma king ake atakumana ndi ma ace a Griffin Benger, Benger adamudzudzula mokweza kuti ndi wovutitsa anzake. Mpaka lero osewera amagawanika pa nkhaniyi, ena akuti Kassouf ankangogwiritsa ntchito pakamwa, ena akuti adapyola muyeso. Mkanganowu ndi wa pamene makhadi adakali amoyo, ndipo pamenepo pali malo okambirana. Koma khadi lomaliza likagwa, machipi n'kupita kwa mwini wake, palibenso chimene mawu achipongwe angagule. Chotsala ndi kubwezera basi. Amene amatukwana gemu itatha sangabisale kumbuyo kwa mawu oti ndi njira yosewerera.

Udindo waukulu, kunena zoona, uli pa wopambana. Wogonja ali ndi chomukhululukira, chifukwa akumva kuwawa. Wopambana ndi khadi lamwayi alibe. Mu 2007 Hevad Khan, yemwe adathera pa nambala 6, ankakuwa ndi kuvina nthawi zonse akagwetsa mnzake, ndipo chaka chotsatira okonza mpikisano adakhazikitsa lamulo loletsa kusangalala mopyola muyeso, limene osewera adalipatsa dzina lake. Choipa china chimene osewera onse amadana nacho ndi slow roll: munthu akudziwa kuti wapambana, koma amachedwa dala kutembenuza makhadi kuti mnzake ayambe wakhulupirira kuti zamuyendera. Sizimuonjezera chipi ngakhale chimodzi, cholinga chake n'kuchititsa manyazi basi. Wopambana waulemu safunika kuchita zambiri. Atembenuze makhadi msanga, asakuwire pankhope pa mnzake, asayambe kufotokoza kuti adaona patali pamene aliyense waona kuti khadi ndilo lamupulumutsa, ndipo alandire chanza ngati chaperekedwa. Chisangalalo akhoza kukachita ndi abale ake kumbali. Munthu amene akunyamuka pampando uja mwina wataya ndalama zimene adasunga kwa chaka chathunthu, ndipo kumupatsa mphindi imodzi ya bata si chinthu chodula.

Tisaiwalenso amene amasenza mkwiyo umenewu mwakachetechete. Woyamba ndi wogawa makhadi, wantchito amene amasakaniza ndi kugawa motsata ndondomeko, wopanda mphamvu iliyonse pa khadi lotuluka, ndipo gawo la malipiro ake limadalira kangachepe kochokera kwa osewera omwewo. M'zaka za m'mbuyomu kumuponyera makhadi kapena kumutukwana kudali kofala, ndipo ngakhale Stu Ungar, amene adapambana Main Event mu 1980, 1981 ndi 1997, ankadziwika ndi kuzunza ogawa makhadi. Kulalatira munthu amene sangakuyankhe poopa kutaya ntchito ndi mantha ovala chovala cha ukali. Ena ndi obwera kumene, makamaka amayi. Pa Main Event amayi safika ngakhale 5 pa osewera 100 aliwonse. Barbara Enright adafika patebulo lomaliza mu 1995, n'kutuluka pa nambala 5 ma 8 ake awiri atagonja kwa 6 ndi 3, ndipo padadutsa zaka 30 kuti mayi wina, Leo Margets wa ku Spain, afikeponso mu 2025. Zifukwa za kuchepaku n'zambiri, koma tebulo limene mlendo amanyozedwa akangopambana silingakope munthu amene akudziona kale kuti ali yekha m'chipindamo.

Ngakhale munthu atakhala wosalabadira za anzake, kudziletsa kumamupindulira iye mwini. Osewera amati munthu ali pa tilt pamene mkwiyo wa gemu yapita ukumuseweretsa gemu ino. Bad beat zambiri sizimutulutsa munthu mumpikisano, zimangomuchepetsera machipi. Chimene chimamutulutsa ndi theka la ola lotsatira, pamene akuthamangitsa amene wamugwetsa uja, kubetcha ndi makhadi amene akadawataya, kufuna kubweza lero lomwe. Jack Straus adatsala ndi chipi chimodzi chokha mu 1982, koma adapitiriza mpaka kupambana mpikisano wonse, zimene munthu wotentha mutu sakadatha. Maria Konnikova, katswiri wa za maganizo a anthu amene adaphunzira poker kwa Erik Seidel, adalemba m'buku lake la mu 2020, The Biggest Bluff, kuti mphunzitsi wakeyo ankakana kumva nkhani za bad beat, ankangofuna kudziwa ngati chiganizo chidali cholondola. Annie Duke naye, m'buku lake la mu 2018, Thinking in Bets, adachenjeza za chizolowezi choweruza chiganizo potengera mathero ake. Munthu amene amadziona ngati wolakwiridwa nthawi zonse amasiya kufunsa ngati pali pamene iye adaphonya. Apa m'pamene ulemu ndi luso zimakumanirana: mtima umene umatha kunena kuti wasewera bwino mnzanga ndi womwewo umene umatha kuunika gemu mosadzinyenga.

Owerenga ambiri kuno kwathu anganene kuti zonsezi ndi njuga basi, ndipo kukamba za ulemu pa njuga n'kudzola mafuta pa chinthu choipa. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo nkhani ino sikukopa munthu aliyense kuti akabetche. Pa mipikisano yotereyi pafupifupi osewera 15 okha pa 100 aliwonse ndiwo amalandirako kanthu, ena onse amabwerera chimanjamanja, ndipo okonza amatapapo gawo lawo ndalama zisanagawidwe. Mabanja ambiri padziko lapansi asweka chifukwa cha kubetcha, ndipo Ungar yemwe uja, ngakhale adapambana mamiliyoni, adamwalira mu 1998 ali ndi zaka 45 atasakaza pafupifupi zonse. Koma mfundo imeneyi ikulimbikitsa zimene ndikunena. Munthu amene amakhulupirira kuti khadi lamubera, kuti mwayi uli naye ngongole, ndi yemweyo amene amabwerera ndi ndalama ya lendi kuti akatenge zimene akuti n'zake. Kuvomereza kugonja modekha ndi mpanda woyamba woteteza munthu ku chilakolako chofuna kubweza zotayika. Amene sangathe kugonja ndi ma ace awiri n'kupita kwawo mwamtendere akuonetsa kuti waika patebulo ndalama, kapena mtima, woposa umene akadayenera kuika, ndipo nzeru kwa iye ndi kusakhalapo n'komwe.

Popeza si onse amene adzadziletse okha, ntchito yotsala ili m'manja mwa oyendetsa mipikisano. Malamulo alipo kale. Bungwe la Tournament Directors Association, limene Matt Savage, Linda Johnson, Jan Fisher ndi David Lamb adaliyambitsa mu 2001, lidaika zilango zoyambira pa chenjezo, kukhala kunja kwa gemu imodzi kapena zingapo machipi ako akudyeka, mpaka kuchotsedwa mumpikisano. Vuto lakhala pa kagwiritsidwe ntchito kake. Pamene chilango cha munthu wotchuka chisanduka chenjezo kutacha, monga zidachitikira mu 2008, wosewera wamba amaphunzira kuti ulemu ndi msonkho wa anthu osadziwika okha. Lamulo liyenera kugwira mwini zibangiri 17 mofanana ndi munthu amene wabwera koyamba, ndipo opanga mapulogalamu a kanema ayenera kuleka kugulitsa chipongwe ngati chizindikiro cha ukatswiri. Kwa wosewera aliyense, kaya ku Las Vegas, ku London kapena ku Johannesburg, muyeso ndi umodzi. Khadi silisankhidwa ndi munthu, choncho palibe woyenera kutamandidwa kapena kunyozedwa chifukwa cha ilo. Chiganizo ndi khalidwe ndizo zimasankhidwa, ndipo katswiri weniweni ayenera kuweruzidwa pa zonse ziwiri.